Zotsala Kunja kwa Chithunzi

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndidaulemba pa bolodi kambirimbiri pa zaka zonse zomwe ndidagwira choko, ndipo ana ambiri adaukhoza pa mayeso. Koma ine mwini wake ndidadzaumvetsa mochedwa, imvi zitamera kale m'mutu, ndipo chidanditsekula maso ndi kanema wamfupi wa mphindi 12 zokha, wonena za mwana wa pa sukulu yanga.

Kanema ndidamuona koyamba ndili mnyamata, kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Masiku amenewo m'Malawi mudalibe wailesi ya kanema, pakuti yoyamba idadzatsegulidwa m'chaka cha 1999. Chomwe tinkadziwa ife a m'midzi ya ku Kasungu ndi galimoto ya boma yomwe inkafika kamodzikamodzi nyengo ya chilimwe, itasenza injini, chinsalu choyera ndi zokuzira mawu. Mbiri ikangomveka kuti kanema wafika, nsima inkaphikidwa dzuwa likadalipo, ndipo pofika chisisira bwalo la sukulu linkadzaza. Ankationetsa kalimidwe kamakono, ukhondo wa pakhomo ndi maulendo a mtsogoleri wa dziko. Ife ana tinkazemba kukasuzumira kuseri kwa chinsalu kuti tione komwe anthu aja abisala. Tsiku lina agogo anga aakazi, ataona mfumu ina itavala mkanjo pachinsalupo, adagwada nawomba m'manja mwaulemu. Tidawaseka agogowo, koma nafenso tidali ndi chikhulupiriro chosasiyana kwenikweni ndi chawo. Tinkati munthu angathe kunama, koma kamera sinama, popeza imangotola chomwe chili patsogolo pake. Chikhulupiriro chimenechi ndidakula nacho, ndidapita nacho ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndidatsala pang'ono kufa nacho.

Zaka zoposa khumi ndi zisanu zapitazo ndidali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale yozunguliridwa ndi maesiteti a fodya. Aliyense amene adaphunzitsapo m'dera lotere akudziwa kuti kaundula wa ana amatsata nyengo ya fodya. Pa nthawi ya nazale ana amafika mochedwa chifukwa chothirira. Pofika Januwale ndi Febuluwale, masamba akayamba kucha, mphunzitsi amaitana maina osayankhidwa, eni ake ali kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'zigafa. Mwezi wa Febuluwale womwewo kudafika alendo awiri ochokera kunja pa galimoto yoyera, mayi wonyamula kabuku ndi bambo wonyamula kamera. Adati akujambula kanema wamfupi woti dziko lonse lidziwe za ana ogwira ntchito mu fodya. Adandipempha kuti ndiwapezere mwana mmodzi, ndiponso kuti ndikhale womasulira wawo kuti mwanayo asachite mantha.

Ndidavomera ndi mtima wonse, pakuti nkhaniyi inkandiwawa. Ndidasankha mtsikana wa Sitandade 6, wa zaka 13, yemwe dzina lake ndilisunga. Makolo ake adali matenanti ochokera kumwera, monga adaliri matenanti ambiri a kuno. Pa masamu adalibe wofanana naye m'kalasimo, ngakhale kuti ankajomba kawirikawiri. Ndidakapempha chilolezo kwa makolo ake, ndipo iwo adati poti anena ndi aphunzitsi, palibe choletsa.

M'mawa mwake tidamupeza akutidikira patsinde pa mtengo wa mango, pafupi ndi chigafa cha bambo ake. Adali atasamba, atadzola, atavala yunifolomu yochapa bwino ndi yosita ndi nsimbi yamakala yobwereka. Kumapazi adali ndi nsapato za mnzake, zomukulira pang'ono. M'khwapa adapanira kope lake la masamu. Mwanayo adali atamva kuti akaoneka kumaiko akutali, tsono adakonzeka monga akonzekera munthu wolandira alendo. Alendo aja adanong'onezana kanthawi, kenaka mayi uja adandiuza mwaulemu kuti ndimupemphe mwanayo avale zomwe amavala pa ntchito, poti iwo akufuna kujambula zenizeni. Mawuwo adandimvekera anzeru, ndipo ndidawamasulira. Mwana uja sadayang'ane alendowo, adayang'ana ine. Kenaka adandipatsira kope lija ndi manja awiri nati, "Mundisungire, aphunzitsi." Adalowa m'nyumba, natuluka wopanda nsapato, atavala dilesi long'ambika paphewa, lakuda ndi phula la fodya.

Tidajambula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, maola ngati asanu. Manyazi atamuthera, mwanayo adamasuka. Adaseka mpaka misozi poona bambo wa kamera uja akulephera kusoka masamba ndi singano ya waya. Adafotokoza kuti akathyola fodya wonyowa ndi mame mutu umamuwawa, amachita chizungulire ndi nseru, ndipo usiku amatsokomola. Adafotokozanso kuti iye ndiye amalemba ngongole zonse za bambo ake, zitini za chimanga, feteleza ndi mchere zomwe mwini esiteti amawapatsa, ndipo kuti chaka chathacho adapeza kuti kalaliki adaphonya powonkhetsa. Ponena zimenezi maso ake adawala. Zonsezi ndidazimasulira mokhulupirika. Madzulo alendo adathokoza, nasiya sopo ndi makope, napita. Ine ndidabweza kope lija kwa mwini wake, ndipo nkhaniyo ndidaiiwala.

Nditapuma pa ntchito, tsiku lina kudabwera kwathu bambo wina amene ndidamuphunzitsa ali wamng'ono. Tsopano ndi mphunzitsi wa Chichewa ku sekondale, ndipo ku yunivesite adaphunzirako za kafalitsidwe ka nkhani ndi kasanthulidwe ka makanema. Adali atapeza kanema uja pa intaneti nazindikira mawu anga pena pake. Tidakhala pakhonde, kompyuta yake ili pa mpando pakati pathu. "Aphunzitsi," adatero, "tiyeni timuonere katatu. Poyamba monga aonera aliyense, kachiwiri titatseka mawu, kachitatu titatsinzina." Ndidaseka, komabe ndidamvera, pokumbukira kuti mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa.

Ulendo woyamba ndidagwetsa misozi. Pachithunzipo padali mwana wosauka, wachete, wosweka mtima, woti aliyense angamumvere chisoni. Kanema atatha, mnzangayo adandifunsa ngati mwanayo ndamuzindikira. Ndidati nkhope ndi yomweyo. Adafunsanso ngati khalidwe lake lidali lotero. Pamenepo ndidasowa choyankha, chifukwa mwana amene ndinkamudziwa ine adali wolongolola ndi wanthabwala, wosachedwa kukweza mkono mphunzitsi akaphonya pa bolodi. Apa mpamene wophunzira wanga wakale adasanduka mphunzitsi wanga.

Phunziro loyamba lidali la malire a chithunzi. Chithunzi chilichonse chili ndi mbali zinayi, ndipo wojambula ndiye amasankha cholowa m'kati ndi chotsala kunja. Malo aja ndinkawadziwa bwino. Kamera ikadangotembenukira kumanzere pang'ono, kukadaoneka denga la malata la sukulu yathu. Kumanja amayi ake ankasadzula nkhwani, ndipo ang'ono ake ankasewera phada pafumbi. Zonsezi zidatsala kunja. M'kati mudalowa mwana yekha ndi masamba a fodya, ngati kuti pa dziko lonse lapansi alibe mayi, alibe mnzake ndipo alibe mphunzitsi.

Phunziro lachiwiri lidali la poima kamera. Titatseka mawu ndidaona kuti kawirikawiri wojambulayo adaimirira mwana atakhala pansi, choncho woonera amamuyang'ana chotsika, monga munthu wamkulu ayang'anira kanthu kakang'ono kosowa thandizo. Nthawi zina kamera inkayandikira kwambiri mpaka chithunzi chonse kudzaza ndi zala zakuda ndi phula. Nthawi zina inkapita kutali, mwana n'kusanduka kadontho pakati pa munda waukulu. Kuyandikira kumatikakamiza kumva zomwe munthuyo akumva, pamene kutalikira kumationetsa kuchepa kwake. Palibe paliponse pomwe kamera idatsika kufika pa msinkhu wa maso ake, pomwe anthu awiri olemekezana amayang'anirana.

Phunziro lachitatu lidali la kudula ndi kulumikiza. Maola asanu adasanduka mphindi 12, kutanthauza kuti pa mphindi 25 zilizonse zomwe tidajambula, imodzi yokha ndiyo idapulumuka. Mnzangayo adandisimbira za Lev Kuleshov, katswiri wa makanema wa ku Russia, amene zaka zoposa 100 zapitazo adatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya mwamuna nachilumikiza ndi zithunzi zitatu zosiyana: mbale ya chakudya, mwana ali m'bokosi la maliro, ndi mkazi atagona pa mpando. Oonera adati pa choyambacho mwamunayo ali ndi njala, pa chachiwiri ali ndi chisoni, pa chachitatu ali ndi chilakolako, chikhalirecho nkhope idali imodzimodzi. Tanthauzo la chithunzi limabadwira pomwe chakumana ndi chinzake. Mu kanema wathuyu muli malo pomwe mwana wawerama, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Chithunzichi chisanafike adaikapo lole yodzaza mabelo a fodya, ndipo chitadutsa adaikapo mitambo yakuda. Woonera aliyense angati mwanayo akulira kapena akupemphera. Ine ndidalipo, ndipo ndikukumbuka bwino: ankawerenga masamba.

Phunziro lachinayi lidali la mawu. Titatsinzina ndidamva nyimbo yapansipansi yonga ya pamaliro, ndi liwu la mayi uja akufotokoza m'Chingerezi. Mwana akayamba kulankhula, Chichewa chake chinkamveka kamphindi, kenaka n'kutsitsidwa kuti Chingerezi chikwere pamwamba. Za mutu, nseru ndi chifuwa zidalowa zonse. Za ngongole ndi kalaliki wophonya masamu sizidalowe. Kuseka kuja sikudamveke ngakhale kamodzi.

Phunziro lachisanu lidali la zizindikiro. Inu ophunzira mukudziwa kuti m'nthano ndi m'ndakatulo kadzidzi sakhala mbalame chabe. Akalira padenga, wowerenga amayamba kuyembekezera tsoka. Momwemonso mu kanema chovala chimalankhula. Dilesi long'ambika ndi mapazi opanda nsapato zinkanena kuti uyu ndi mwana wotayika. Yunifolomu yosita ndi kope m'khwapa zikadanena zina, kuti uyu ndi mwana wasukulu amene fodya akumubera nthawi. Mawu achiwiriwa ndi omwe mwanayo adadzisankhira yekha m'mawa uja, ndipo amene adamuvula ndi pakamwa pake ndine.

Pano ndiyenera kusamala, kuopa kuti wina angaganize kuti alendo aja adanama. Sadaname ayi. Dilesi lija lidali lake, ndipo ankalivaladi pa ntchito. Mutu unkamuwawadi. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti lonena kuti ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndiponso kuti tsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, nikotini wokwana mamiligalamu 54, wofanana ndi wa ndudu 50. Malipoti ndi makanema otere adathandiza kuti anthu agalamuke. M'chaka cha 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani ya ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nithetsa utenanti. Ine amene ndinkaitana maina osayankhidwa sindingadane ndi munthu wonena choonachi. Dandaulo langa ndi lakuti choona chimodzi chikamabwerezedwa chokhachokha chimaphimba zoona zinzake. Osanthula makanema amatcha zimenezi kaonetsedwe, ndiko kunena momwe gulu la anthu limaonetsedwera mobwerezabwereza mpaka akutali n'kuyesa kuti onse ali motero, ndipo kuti alibenso china.

Pofuna kundionetsa nkhope ina ya mwana wa ku Kasungu, mnzanga uja adatsegula kanema wachiwiri, wamfupinso, wotchedwa Moving Windmills, wa m'chaka cha 2008. Ameneyu ndi wa William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma lathu lomwe lino. Nkhani yake ambiri mukuidziwa. Adabadwa m'chaka cha 1987. Njala ya 2001 ndi 2002, yomwe ife a ku Kasungu sitidzaiiwala, idamuchotsa pa sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake adasowa fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto pake. Ali ndi zaka 14 adatola zitsulo zotayidwa, mapaipi apulasitiki, njinga yakutha ya bambo ake ndi mitengo ya bulugama, namanga makina opukusa magetsi omwe adayatsa mababu ndi kuliza wailesi pakhomo pawo. Nyuzi ya Daily Times idalemba za iye m'chaka cha 2006, ndipo m'chaka cha 2007 adakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania.

Mu kanema ameneyu mnyamatayo akudzilankhulira yekha. Makina ake ali pa nsanja, tsono kuti uwaone uyenera kukweza maso, ndipo pomwe maso akwera mtima umakweranso. Boma ndi lomwelo, dothi ndi lomwelo, ndipo banja la a Kamkwamba nalonso linkalima chimanga ndi fodya. Komabe mwana mmodzi adajambulidwa chotsika monga wovutika, mnzake adajambulidwa chokweza monga ngwazi.

Ndidanyadira kwambiri, monga anyadira aliyense wa kuno. Koma pofika apa ndidali nditaphunzira kufunsa za chotsala kunja. Nkhani ya ngwazi imafuna munthu mmodzi. Ana ena onse omwe njala yomweyo idawachotsa pa sukulu, osabwereranso, alibe malo m'nkhani yotere. Ena mwa iwo adali anga, ndipo ndikudziwa kuti sadali aulesi. Woonera wakutali angatsirize kanemayo akuganiza kuti mwana wosauka angofunika khama basi, n'kuiwala kuti William adapeza laibulale pafupi, ndiponso kuti padapezeka anthu omwe adamubwezera ku sukulu mpaka adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014. Kanema woyamba uja adabisa mphamvu za mwana. Wachiwiriyu angabise zosowa za ana.

Nkhani yomweyi idasandutsidwa kanema wamtali m'chaka cha 2019, wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, yemwe adamuongolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, ndipo adajambulidwa konkuno ku Kasungu. Mmenemo makina oyamba aja akupopa madzi m'chitsime n'kuthirira mbewu njala ili m'kati. Kunena zoona, makina oyambawo adapereka magetsi a m'nyumba, ndipo zopopa madzi zidadza patapita zaka zingapo. Okonza kanemayo adafupikitsa zaka nasuntha zochitika, chifukwa kayalidwe ka nkhani kamafuna kuti vuto lomwe laoneka pachiyambi lithe pamapeto, ndipo babu silithetsa njala. Alembi a masewero ndi a nthano amachitanso chimodzimodzi, ndipo palibe wowaimba mlandu. Wolakwa ndi woonera amene ayesa kanema ngati buku la mbiri.

Phunziro lomaliza lidali la oonera. Stuart Hall, katswiri wobadwira ku Jamaica amene adaphunzitsa ku Birmingham, adalemba m'chaka cha 1973 kuti wokonza uthenga amamangamo tanthauzo lake, koma wolandira amaumasula monga mwa moyo wake. Wina amavomereza zonse, wina amavomereza zina n'kukana zina, wina amatsutsa kotheratu. Kanema wa Ejiofor adaliza anthu kumaiko akunja, pamene kuno ambiri, ngakhale adanyadira, adaseka Chichewa cha ena ochita seweroli, poti William adaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya ndipo bambo ake ndi Ejiofor yemweyo. Khutu la Mchewa lidamva zomwe khutu la ku London silikadamva.

Zimenezi ndidadzazionanso ndi maso anga pamene mnzanga uja adandiitanira ku kalasi yake ya Fomu 3 kuti tionere pamodzi kanema wa mtsikana uja. Mnyamata wina, mwana wa mlimi wa fodya, adaimirira mokwiya nati kanemayo akunyoza mbewu yomwe ikumulipirira fizi. Mtsikana wina, amene adakulira pa esiteti, adayankha kuti zomwe zaonetsedwazo n'zochepa, poti njala ya m'nyumba ya tenanti mwezi wa Febuluwale kamera singaitole. Wachitatu adafunsa chifukwa chomwe mwini esiteti ndi wogula fodya sakuonekamo, chikhalirecho iwo ndiwo adya phindu. Kanema adali mmodzi, koma m'kalasimo mudatuluka makanema atatu.

Woonera amene ndinkamuopa koposa onse adali mwini nkhope. Ndidafunsafunsa mpaka ndidamupeza pa msika wina m'mbali mwa msewu wa ku Mzuzu, komwe amagula ndi kugulitsa soya ndi mtedza pa sikelo yakeyake. Sadapitirire Sitandade 8, pakuti makolo ake adasamukira pa esiteti ina kutali ndi sukulu. Tsopano ndi mayi wa ana awiri. Ndidamuuza chomwe ndadzera, ndipo adaonera kanemayo pa foni atakhala pa thumba la soya. Sadalire. Atatha adandibwezera foni nati, "Aphunzitsi, ntchitoyo ndi yoona, ndipo ana anga sadzaigwira ine ndili moyo. Koma mwanayo akuoneka wopusa. Kodi zija ndidanena za kalaliki simudawauze?" Ndidati ndidawauza. "Nanga kope langa lija?" Ndidati lidali m'manja mwanga, kuseri kwa kamera. Adapukusa mutu nati, "Tsiku limene lija ndidayesa kuti mwati ndivule yunifolomu chifukwa siindiyenera."

Mawu amenewa adandilasa mtima. Kwa zaka zonsezo mwana adasenza maganizo akuti mphunzitsi wake wamkulu samuwerengera pakati pa ana asukulu, ine osadziwa kanthu. Ndidavula chipewa, ine nkhalamba, ndi kupepesa kwa mwana wanga wa Sitandade 6. "Mayi," ndidatero, "ndidalakwa, mundikhululukire." Iye adaseka, kuseka komwe kuja adakudula mu kanema, nandipimira mtedza osandilipiritsa.

Masiku ano kamera ili m'matumba a achinyamata ambiri. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mumaonera makanema afupiafupi ochuluka pa sabata imodzi kuposa omwe ine ndidaonera pa ubwana wanga wonse, ndipo ena mwa inu mudayamba kale kujambula ang'ono anu n'kutumiza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Tsono mukamaonera kanema wonena za mwana, musathamangire kulira kapena kuwomba m'manja. Dekhani, mudzifunse kuti wagwira kamera ndani, waima pati, akufuna kuti aonere ndani, nanga kunja kwa malire kwatsala chiyani. Onerani kachiwiri mutatseka mawu, kachitatu mutatsinzina. Ndipo tsiku lomwe kamera idzakhale m'manja mwanu, mudzakumbukire kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mudzayambe mwamufunsa kuti akufuna kuoneka bwanji. Mudzatsike kufikira maso anu atalingana ndi ake. Akadzabwera ndi kope m'khwapa, mudzamusiye alowe nalo m'chithunzi.